Ndionjezere khama, kapena ndisiye zonse poti kuli chisomo?

Funso: Abusa, ndine mayi wa ana anayi, wa m'Chigwirizano, ndipo ndinabatizidwa ndili mtsikana. Ndimasala kudya Lachitatu lililonse, kuphiri ndimapita, chakhumi sindiphonya. Chaka chatha mwana wanga wamng'ono anayamba kugwa khunyu, geni yanga ya kaunjika nayonso inalowa pansi. Mtumiki wina anandiuza kuti mbewu imene ndimafesa ndi yochepa, mpaka ndinakongola ndalama ku banki mkhonde n'kukapereka. Palibe chinasintha. Tsopano achemwali anga akuti zonsezi n'zachilamulo, tili m'nyengo ya chisomo, ndisiye kusala ndi kudzivutitsa. Ndatopa, ndipo ku Mgonero ndinasiya kupita chifukwa ndimadziona wosayenera. Kodi kukhala mwa chisomo n'kutani? Ndisiye zonse, kapena ndionjezere khama?

Yankho: Mayi, pepani ndi matenda a mwana, pepaninso ndi katundu amene mwakhala mukusenza nokha. Ndiyambe ndi mwanayo, chifukwa nkhani yake siyenera kudikira. Khunyu ndi matenda a mu ubongo, kuchipatala kuli mankhwala ake, ndipo ana ambiri amasiya kugwa akamamwa mankhwalawo tsiku lililonse osadukiza. Ngati simunapite naye, pitani. Ngati anayamba kale kumwa, wina asakuuzeni kuti asiye pofuna kuonetsa chikhulupiriro. Matenda amenewa si chizindikiro chakuti mwapereka zochepa. Ophunzira a Yesu ataona munthu wobadwa wosaona adafunsa kuti adachimwa ndani, iyeyo kapena makolo ake, ndipo Yesu adayankha kuti sadachimwe iye kapena makolo ake (Yohane 9:1-3). Yankho limenelo n'lanunso.

Anthu awiri amene akulangizaniwa akuoneka ngati akutsutsana, koma maganizo awo akuchokera pa tsinde limodzi. Onse akuona kusala, kupemphera ndi kupereka ngati malipiro. Mtumiki uja akuti mwalipira zoperewera, onjezerani. Achemwali anu akuti Yesu adalipira kale, ndiye inu lekani. Palibe amene wakuuzani kuti zinthu zimenezi sizidakhalepo malipiro chiyambire, ndipo kutopa kwanuku kwachokera pamenepo.

Sindikudabwa kuti timaganiza chonchi, chifukwa ndi mmene moyo wa pamudzi udatilerera. Akuluakulu amati kupatsa n'kuika. Amene sapita ku maliro a anzake amadziwa kuti tsiku la zovuta kwake adzukulu adzachita mphwayi kukumba manda. Pakati pa anthu lamulo limeneli ndi labwino, ndi limene limagwirizanitsa mudzi. Vuto limabwera tikalitenga n'kupita nalo kwa Mulungu, ngati kuti Iyenso amaikiza kanthu kwa ife ndipo ife timaikiza kwa Iye. Paulo amafunsa pa Aroma 11:35 kuti ndani adayamba kumpatsa Mulungu kanthu kuti Mulunguyo ambwezere. Ku Atene adauza anthu kuti Mulungu satumikiridwa ndi manja a anthu ngati wosowa kanthu, pakuti ndi Iye amene amapatsa onse moyo ndi mpweya (Machitidwe 17:25). Njala yanu ya Lachitatu siimuonjezera Mulungu kanthu, ndipo ndalama ya ku banki mkhonde ija sadaifune.

Taganizirani anthu awiri akupalira m'munda umodzi. Wina ndi waganyu: adagwirizana ndi mwini munda za mizere, amaiwerenga, ndipo akapanda kumaliza ndime sayembekeza kulandira zonse. Winayo ndi mwana wa pakhomopo. Khasu ndi lofanana, thukuta n'lofanana, mwinanso mwanayo ndiye amagwira kwambiri chifukwa chimangacho n'chakwawo. Koma madzulo sadya nsima chifukwa choti wamaliza mizere. Amadya chifukwa ndi mwana, ndipo tsiku limene wadwala malungo osatuluka m'nyumba, mayi ake amamuphikira phala. Mmene mwalembera kalata yanu, mwakhala mukugwira ngati waganyu m'munda wa Atate anu. Paulo adanena zomwezi pa Aroma 4:4-5: wogwira ntchito, mphotho yake siwerengedwa ngati chisomo koma ngati mangawa, koma amene akhulupirira Mulungu woyesa olungama anthu osapembedza, chikhulupiriro chake chiwerengedwa chilungamo.

Mukawerenga Luka 15 mudzaona kuti ana onse awiri a m'fanizo la mwana wolowerera anali ndi maganizo a ganyu. Wamng'ono, atasakaza chuma, adakonza zokanena: sindiyeneranso kutchedwa mwana wanu, mundiyese ngati mmodzi wa antchito anu. Ankafuna kubweza pang'onopang'ono ndi thukuta lake. Bambo ake adamuthamangira akadali patali, ndipo mawu aja a wantchito asanawatchule n'komwe, anali ataitanitsa kale mwinjiro, mphete ndi nsapato. Wamkulu uja, amene sadachokepo pakhomo, adadandaula kuti zaka zonsezi ndakugwirirani ntchito osaphwanya lamulo lanu, koma simudandipatsepo ngakhale kamwana ka mbuzi. Ameneyu amandimvetsa chisoni koposa, chifukwa ndi amene timadzaza naye matchalitchi athu: wokhulupirika, wosajomba, koma wowerengera, ndipo zinthu zikavuta amamva ngati amubera. Bambo ake adamuyankha kuti mwana wanga, iwe uli ndi ine nthawi zonse, ndipo zanga zonse ndi zako. Kamwana ka mbuzi kamene ankakagwirira ntchito kanali kake kale.

Akhristu ambiri amavomereza kuti tidapulumutsidwa mwa chisomo, ndipo Aefeso 2:8-9 amaitchula pamtima: "Pakuti muli opulumutsidwa ndi chisomo chakuchita mwa chikhulupiriro, ndipo ichi chosachokera kwa inu: chili mphatso ya Mulungu, chosachokera kuntchito, kuti asadzitamandire munthu aliyense." Koma amaganiza kuti chisomocho chidagwira ntchito tsiku lotembenuka mtima lokha, kenaka zotsala zonse zili pa mapewa awo. Akhristu a ku Galatiya adagwa m'dzenje lomweli. Adalandira Uthenga Wabwino mokondwa, kenaka kudabwera aphunzitsi owauza kuti aonjezerepo mdulidwe ndi kusunga masiku kuti akhale okwanira. Paulo sadawanyengerere: "Popeza mudayamba ndi Mzimu, kodi tsopano mutsiriza ndi thupi?" (Agalatiya 3:3). Adanenanso kuti ngati chilungamo chimabwera mwa lamulo, ndiye kuti Khristu adafa chabe (2:21). Mawu amenewa ndi olemera. Ngati kusala kwanu kukadatha kugula chiyanjo cha Mulungu, mtanda sukadafunika.

Ngakhale m'Chipangano Chakale ndondomeko yake ndi yomweyi. Malamulo khumi sayamba ndi lamulo. Amayamba ndi mawu akuti Ine ndine Yehova Mulungu wako amene ndidakutulutsa m'dziko la Ejipito (Eksodo 20:2). Aisraeli adayamba awomboledwa, adawoloka nyanja, adadya mana, kenaka ndiye adafika pa Sinai. Mulungu sadawapatse malamulo ali mu ukapolo n'kunena kuti mukawasunga ndidzakutulutsani.

Funso lanuli mpingo udalimbana nalo kalekale, ndipo mkangano wake waukulu udachitikira mu Africa momwe muno. Pelagius, mphunzitsi wochokera ku Britain amene ankakhala ku Rome, ankanyansidwa ndi ulesi wa akhristu a nthawi yake. Ankaphunzitsa kuti Mulungu sangalamule chinthu chimene munthu sangathe kuchita, choncho munthu akalimbikira angathe kukhala wosachimwa. Cholinga chake sichinali choipa, ankafuna anthu oyera mtima. Amene adamutsutsa anali Augustine, bishopu wa ku Hippo, mzinda umene lero ndi Annaba m'dziko la Algeria, yemwe adakhala ndi moyo kuyambira 354 mpaka 430. Augustine adali atadzionera yekha kuti munthu amatha kudziwa chabwino, kuchifuna, koma n'kulephera kuchichita, monga Paulo akulirira pa Aroma 7. Pemphero lake lodziwika linali lopempha Mulungu kuti apereke chimene akulamula, kenaka alamule chimene afuna, ndipo Pelagius atalimva adakwiya nalo. Msonkhano wa mabishopu ku Carthage mu 418 udakana chiphunzitso cha Pelagius, n'kunena kuti chisomo sichingokhululukira machimo akale okha, chimathandizanso munthu kuti asachimwe. Sichingomuonetsa choyenera kuchita, chimamupatsanso chikondi ndi mphamvu yochichitira.

Patapita zaka zoposa 1,000, Martin Luther adadutsa njira yofanana ndi yanuyi. Adalowa m'nyumba ya amonke ku Erfurt mu 1505, ankasala, ankachezera kupemphera, ankaulula machimo kwa nthawi yaitali mpaka wansembe womva kuulula kwake, Johann von Staupitz, kumuuza kuti aleke kudziyang'ana ayang'ane kwa Khristu. Mtendere adaupeza powerenga Aroma 1:17, atazindikira kuti chilungamo cha Mulungu chimene chikunenedwa pamenepo ndi chimene Mulungu amapatsa wokhulupirira. Chimene chidamuutsa mu 1517 chinali malonda a zikalata za chikhululukiro, amene mlaliki Johann Tetzel ankayenda nazo, anthu osauka n'kumaponya ndalama zawo poganiza kuti akuwombola abale awo amene adamwalira. Ndikamva kuti mayi wa mwana wodwala wauzidwa kuti akongole ndalama kuti Mulungu amumve, ndimaona malonda omwe aja atabwerera, ndipo chondiwawa n'chakuti abwerera kudzera m'mipingo imene imadzitcha ya Uthenga Wabwino.

Ndisasiye chithunzi chakuti nkhaniyi ndi ya Aprotestanti okha. Pa 31 October 1999, mu mzinda wa Augsburg ku Germany, mpingo wa Katolika ndi bungwe la mipingo ya Lutheran pa dziko lonse adasainirana chikalata chovomereza pamodzi kuti timalandiridwa ndi Mulungu mwa chisomo chokha, pokhulupirira ntchito ya Khristu, osati chifukwa cha kuyenera kwathu, ndipo kuti Mzimu Woyera ndi amene amakonzanso mitima yathu ndi kutiitanira ku ntchito zabwino. A Methodist adavomereza chikalatachi mu 2006, ndipo bungwe la mipingo ya Reformed pa dziko lonse lidatero mu 2017. Kusiyana kulipobe pa zinthu zina, koma pa funso lanuli mnansi wanu wa ku mphakati ndi inu wa ku Chigwirizano muli ndi yankho limodzi.

Tsopano za achemwali anu. Akunena zoona kuti simuli pansi pa lamulo ngati njira yopulumukira, ndipo ndikukhulupirira kuti akulankhula chifukwa chokumverani chisoni. Koma akalumpha kuchoka pamenepo n'kufika poti Mkhristu asadzivutitse ndi kalikonse, asiya Malemba m'mbuyo. Paulo yemweyo adadziwa kuti ena adzamumva choncho, n'chifukwa chake adafunsa pa Aroma 6:1-2 ngati tizingochimwabe kuti chisomo chichuluke, n'kuyankha yekha kuti ayi ndithu. Kwa Tito adalemba kuti chisomo chimene chaonekera chimatiphunzitsa kukana chisapembedzo ndi zilakolako za dziko (2:11-12). Ndiye kuti chisomo chili ndi ntchito yake mwa munthu: chimaphunzitsa, chimadzudzula, chimasintha. Ndime ya Aefeso ija anthu amaidula pa vesi 9, pamene vesi 10 ikupitiriza kunena kuti tidalengedwa mwa Khristu Yesu kuti tichite ntchito zabwino zimene Mulungu adazikonzeratu.

Mvetserani mmene Paulo amanenera za iye mwini pa 1 Akorinto 15:10: mwa chisomo cha Mulungu ndili chimene ndili, ndidagwira ntchito koposa atumwi ena onse, koma si ine, ndi chisomo cha Mulungu chimene chili ndi ine. Munthu amene adalalikira chisomo koposa onse ndi amenenso adayenda maulendo ataliatali, kusoka mahema kuti adzidyetse, kukwapulidwa ndi kumangidwa. Kwa Afilipi adati gwirani ntchito ya chipulumutso chanu ndi mantha ndi kunthunthumira, pakuti ndi Mulungu amene akugwira ntchito mwa inu kuti mufune ndi kuchita (2:12-13). Sadagawe kuti Mulungu theka, inu theka. Ngakhale kufuna komwe kumene kumakudzutsani mbandakucha kuti mupemphere n'kopatsidwa. Yakobo akamati chikhulupiriro chopanda ntchito n'chakufa (2:17), sakutsutsana ndi Paulo. Chitsanzo chake ndi cha munthu wouza mbale wamaliseche ndi wanjala kuti pita mumtendere, ukafunde, ukakhute, osamupatsa kanthu. Akunena za chikhulupiriro cha pakamwa, chimene sichinakhudze mtima.

Popeza ndinu wa Chigwirizano, chiphunzitso cha mpingo wanu chidachokera ku Katekisma wa Heidelberg wa mu 1563, amene mipingo ya Reformed imagwiritsa ntchito. Adagawidwa patatu: tsoka la munthu, chiwombolo chake, ndi kuthokoza. Chimene ambiri sazindikira n'chakuti malamulo khumi ndi pemphero adazifotokoza m'gawo lachitatu, la kuthokoza, osati m'gawo la chiwombolo. Funso 86 likufunsa ndendende zimene achemwali anu akufunsa: ngati tawomboledwa mwa chisomo popanda kuyenera kwathu, tichitirenji ntchito zabwino? Yankho lake n'lakuti Khristu amene adatiwombola ndi mwazi wake amatikonzanso ndi Mzimu wake, kuti moyo wathu wonse uonetse kuthokoza, Mulungu alemekezeke, ndipo anzathu akopeke kubwera kwa Khristu. Ambirife tidaloweza zimenezi ku kalasi kuti tibatizidwe, kenaka tidaziiwala.

Nanga muchite bwanji ndi zimene mwakhala mukuchita? Kusala sindikuuzani kuti musiye kapena mupitirize. Yesu adati "pamene musala kudya" (Mateyu 6:16), kusonyeza kuti ankayembekeza kuti ophunzira ake azisala. Koma dzifunseni chimene mumamva mukaphonya Lachitatu limodzi. Ngati mumagwidwa mantha kuti sabata imeneyo Mulungu akutembenukirani, kapena mwana akagwa mumayamba kuwerenga masiku amene simunasale, ndiye kuti kusalako kwasanduka ngongole. Zikatero ndi bwino mupume kaye milungu ingapo, muzidya, muzithokoza, kuti mtima wanu uphunzire kuti Atate sanasinthe. Mukadzabwerera, mudzasale chifukwa mukufuna nthawi yokhala ndi Mulungu. Ngati mumamwa mankhwala a tsiku ndi tsiku, monga a shuga kapena ma ARV, kapena mukuyamwitsa, funsani achipatala musanasale. Werenganinso Yesaya 58, pamene anthu ankadandaula kuti tasala koma Mulungu sakuona, ndipo Mulungu adawalozera kwa anjala ndi oponderezedwa. Kuphiri n'chimodzimodzi: Yesu ankakwera phiri kukapemphera, koma adauzanso mayi wa ku Samariya kuti kupembedza sikudalira phiri ili kapena Yerusalemu (Yohane 4:21). Pemphero la kukhitchini kwanu limamveka mofanana.

Za mbewu ija ndinena mosabisa: mudalakwiridwa. Simoni wa ku Samariya atafuna kugula mphatso ya Mulungu ndi ndalama, Petro adamuuza kuti ndalama yake itayike naye pamodzi (Machitidwe 8:20). Palibe paliponse m'Mauthenga Abwino pamene Yesu adafunsa chopereka asanachiritse munthu, ndipo potuma ophunzira ake adati mudalandira kwaulere, patsani kwaulere (Mateyu 10:8). Musadziimbe mlandu, mudachita zimenezo chifukwa chokonda mwana wanu. Koma musabwererekonso. Kupereka ku mpingo n'kwabwino, mpingo umafunika kuyenda, amasiye ndi odwala amafunika thandizo. Muyeso wake uli pa 2 Akorinto 9:7, kuti aliyense apereke monga watsimikiza mumtima, osati mwachisoni kapena mokakamizidwa, ndipo pa 8:12 akuti chopereka chimalandiridwa monga mwa chimene munthu ali nacho, osati chimene alibe. Ndalama yokongola ndi chimene mulibe. Bwezani kaye ngongole ya amayi anzanu a ku banki mkhonde, chifukwa kubweza ngongole nakonso ndi kumvera Mulungu.

Sindingakulonjezeni kuti mukamvetsa chisomo geni idzadzuka mwezi wamawa. Ndikatero ndakhala ngati mtumiki uja, kungosintha mtengo. Paulo adapempha katatu kuti munga wa m'thupi mwake uchoke, ndipo yankho lidali lakuti "Chisomo changa chikukwanira, pakuti mphamvu yanga ithedwa m'ufooko" (2 Akorinto 12:9). Mungawo sudachoke. Pitirizani kupempherera mwana wanu molimba mtima, pemphani machiritso, pemphani mpamba wa geni, monga mwana apempha kwa kholo. Chimene chisinthe n'chakuti yankho likachedwa simudzathamangira kufufuza pamene mwaperewera. Umboni wakuti Mulungu amakukondani suli m'kayendedwe ka kaunjika. Aroma 5:8 akuuika pa imfa ya Khristu, imene idachitika tikadali ochimwa.

Chandikhudza koposa m'kalata yanu ndi cha Mgonero. Mwadzichotsa nokha pa gome chifukwa mukudziona wosayenera, pamene gomelo adaliyalira anthu odziwa kuti sayenera. Usiku umene Yesu adanyema mkate, adaupereka kwa Petro amene adali pafupi kumukana katatu, ndi kwa ena amene adali pafupi kumuthawa. Chenjezo la pa 1 Akorinto 11 lonena za kudya kosayenera, limene limaopsa anthu ambiri, lidalembedwa chifukwa ku Korinto olemera ankayamba kudya mpaka kuledzera, osauka n'kutsala ndi njala ndi manyazi. Paulo ankadzudzula kunyoza abale, sankathamangitsa ofooka. Kudziyesa kumene akunena ndi kufunsa ngati ndikulapa, ngati ndikudalira Khristu, ndi ngati ndili pa mtendere ndi anzanga. Kumbukirani anthu awiri a ku Kachisi pa Luka 18: Mfarisi adawerenga kusala kwake kawiri pa sabata ndi chakhumi chake, wamsonkho adangoti "Mulungu, mundichitire chifundo, ine wochimwa," ndipo Yesu adati wamsonkhoyo ndiye adapita kwawo woyesedwa wolungama. Ife atsogoleri tili ndi gawo pa mantha amenewa, chifukwa nthawi zina timayendetsa mwambo wa mpingo ngati kuti munthu akugwira ukaidi woti akamaliza ndiye Mulungu amukhululukire, pamene cholinga cha mwambo ndi kubweza m'bale.

Ngati pali tchimo lenileni limene likukuvutitsani, litchuleni kwa Mulungu ndi dzina lake, ndipo 1 Yohane 1:9 akulonjeza kuti Iye ndi wokhulupirika kukhululukira. Ngati palibe, koma ndi kutopa chabe ndi kudziona woperewera, palibe chokuletsani. Kaonaneni ndi abusa anu kapena mkulu wa mpingo wa dera lanu Mgonero wotsatira usanafike, muwafotokozere zonse monga mwandilembera ine, za mwana ndi za ngongole zomwe. Auzeninso amayi awiri kapena atatu a m'Chigwirizano amene mumawakhulupirira, kuti pa masiku opita ndi mwana kuchipatala pazikhala wokuperekezani kapena wotsala ndi ana enawo.